Pepala la ku labu linati p53 yachuluka: zimene ndinaphunzira amayi atadwala khansa ya kum'mero

Ndikulembera inu amene mwalandira pepala lochokera ku labu lonena za m'bale wanu amene akulephera kumeza, ndipo papepalapo pali mawu ngati p53, Ki-67, EGFR kapena HER2, pambali pake atalembapo kuti positive kapena overexpressed. Ndikudziwa zimene zimachitika usiku wa tsiku limenelo. Munthu amatenga foni n'kulemba mawuwo pa Google, ndipo zimene zimatuluka ndi mitu ya kafukufuku yonena kuti puloteni imeneyi ikachuluka ndiye kuti chotupacho n'chaukali, chimafalikira msanga, wodwala sakhalitsa. Tulo timathera pomwepo. Ine ndinadutsamo pamene amayi anga anadwala khansa ya kum'mero. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti mapuloteniwa amanenadi zoona zina zokhudza chotupacho, koma sanena tsiku la munthu, ndipo kawirikawiri si iwo amene amauza dokotala chochita. Zimene zimalamula chithandizo n'zina, ndipo banja likazidziwa msanga limaika ndalama zake ndi mphamvu zake pamalo oyenera.

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale yoyendera, choncho nkhani ya maselo si yachilendo kwa ine. Komabe pepala la amayi linandizunguza mutu, moti ndimamvera chisoni mlimi kapena mayi wa geni pamsika amene walilandira popanda womumasulira. Ndifotokoza mmene madokotala anandifotokozera ine, pamodzi ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake mtima utakhala m'malo.

Amayi anali mlimi wa kachewere ndi kabichi kwathu ku Ntcheu, kumapiri kufupi ndi malire a Mozambique. Mowa sanaulawepo, fodya sanasutepo. Zinayamba ndi nyama: ankati ikuima pachifuwa. Kenako nsima. Ankadya kapu ya madzi ili pambali, mbamu iliyonse kuikankhira ndi madzi, ndipo ankatsala okha pambale ena onse atasamba m'manja kalekale. Anayamba kuphika nsima yofewa, kenako anangoti masiku ano nsima sakuifuna, akukonda phala. Matendawa amabisala motero. Wodwala amasintha kadyedwe pang'onopang'ono, pakhomo n'kumaona ngati ndi ukalamba chabe. Kuchipatala chaching'ono anawapatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, ndipo atatha anawapatsanso ena. Nditapita kumudzi patchuthi ndinapeza bulauzi yawo yakutchalitchi ikulendewera m'mapewa, ndipo pambali pa mphasa yawo panali kachitini. Usiku malovu ankawadzadza m'kamwa chifukwa sankatsika bwino, ndiye ankalavuliramo. Kachitini kameneko ndi kamene kanandiuza kuti apa si zilonda za m'mimba.

Khansa imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Malawi ili m'gulu la mayiko amene ali pamwamba kwambiri padziko lonse pa chiwerengero cha odwala khansa ya kum'mero poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo vutoli likutsata dera lalitali kuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya, Tanzania ndi Malawi, mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Kuno imagwira amuna ndi akazi omwe, ndipo ena amadwala asanakwane zaka 40. Pa odwala 10 alionse, oposa 9 amakhala ndi mtundu wotchedwa squamous cell carcinoma, umene umayambira m'maselo oyala mkati mwa m'mero. Mtundu wina, adenocarcinoma, umapezeka kwambiri ku Ulaya ndi ku America, umamera kumunsi kumene m'mero umalumikizana ndi chifu, ndipo umayendera limodzi ndi chilungulira cha zaka zambiri komanso kunenepa kwambiri. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kugwireni bwino, chifukwa zambiri zimene mudzawerenge pa intaneti zikunena za mtundu wachiwiriwu, umene mwina si wa m'bale wanu.

Anthu akamati khansa ya kum'mero ndi yaukali, gawo lalikulu la ukaliwo lili m'mapangidwe a m'mero weniweniwo, tisanafike n'komwe pa mapuloteni. M'mero ndi njira ya minofu yotalika pafupifupi masentimita 25, ndipo imatamuka. Chotupa chimatha kukula mpaka kuzungulira kuposa theka la njirayo chakudya chisanayambe kukakamira. Komanso m'mero ulibe chikutiro cholimba chakunja chimene chifu ndi matumbo zili nacho, ndipo m'khoma lake muli tinjira tambirimbiri topita ku anabere a m'khosi, a m'chifuwa ndi a m'mimba. Pafupi pomwepo pali njira ya mpweya ndi mtsempha waukulu wa magazi. Ndiye pamene munthu akuyamba kudandaula kuti nsima ikuima, nthawi zambiri matenda amakhala atayenda kale mtunda.

Chimene chinaulula zoona ndi endoscopy, ya kuchipatala chachikulu. Amayi anagona ndi njala, m'mawa anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, n'kulowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga. Sizinatenge nthawi. Anatuluka akupukuta misozi ndi chitenje, akuti sizinapweteke koma zinawanyansa. Lipoti linati chotupa chayambira pa masentimita 27 kuchokera pamano ndipo kamera yalephera kudutsa. Anabudulako tizidutswa ta mamilimita awiri kapena atatu, n'kutiika m'kabotolo ka formalin, mankhwala osungira kuti tisawole. Imeneyo ndiyo biopsy. Kuyeza kotereku kumachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo munthu amene chakudya chikumuima pachifuwa, makamaka ngati akuwondanso, ali ndi chifukwa chokwanira chopemphera kalata yomutumiza kumeneko.

Ku labu tizidutswa tija amatiumitsa m'phula n'kupanga kabuloko kokhala ndi nambala ya wodwala. Pakabulokopo amasengapo timagawo topyapyala kwambiri moti kuwala kumadutsa, n'kutiyala pagalasi. Utoto woyamba ndi wapinki ndi wapepo, ndipo ndi umenewo dokotala wa ku labu amaona ngati ili khansa, mtundu wake, ndiponso ngati maselo akufananabe ndi maselo abwinobwino a m'mero. Akamafananabe amalemba well differentiated. Akasinthiratu maonekedwe amalemba poorly differentiated, ndipo zotupa zotere zimakonda kuthamanga. Kwa odwala ambiri kuyeza kumathera pamenepa, ndipo n'kokwanira. Kwa amayi maselo anali atasinthika kwambiri moti mtundu wake sunkaoneka bwino, ndiye anatiuza kuti pakufunika utoto wapadera. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza ndalama, kabuloko kanapita ku labu yolipira.

Utoto wapaderawo amautcha immunohistochemistry, mwachidule IHC. Amathira pagalasi paja ma antibody opangidwa ku labu, ndipo mtundu uliwonse umakamamatira pa puloteni imodzi yokha. Pamene wamamatira pamasanduka pabulauni. Dokotala amayang'ana pa maikulosikopu kuti maselo angati ada bulauni ndipo ada motani. Mawu akuti overexpressed akungotanthauza zimenezo: puloteni inayake yapezeka yambiri m'maselo a chotupa kuposa mmene imakhalira m'maselo abwinobwino. Dokotala wina wachinyamata, ataona kuti ndikufunsa kwambiri, anandionetsa chithunzi cha galasi lotere pa kompyuta yake. M'mphepete munali maselo abwino, otuwa, ondondozana bwino, kadontho ka bulauni apo ndi apo. Pakati panali maselo othithikana, pafupifupi lililonse lili ndi dontho lodera kwambiri pakatikati pake. Anati, "Zimene alemba pa lipoti la amayi anu ndi izi."

Lipotilo linali ndi mizere itatu yofunika. Woyamba unati p40 positive. Umenewu ndi umene madokotala ankaufunadi, chifukwa p40 imapezeka m'maselo a mtundu wa squamous, ndiye funso la mtundu linayankhidwa. Mzerewu sunena chilichonse za ukali. Wachiwiri unati p53 yachuluka kwambiri m'chotupa chonse. Wachitatu unati Ki-67 ili pa 70 peresenti.

Ndikhalitse pa p53, chifukwa ndi imene inatisowetsa mtendere kwambiri. Puloteni imeneyi inatulukiridwa mu 1979, ndipo ntchito yake ndi yabwino. DNA ya selo, imene imasunga malangizo oyendetsera selolo, ikawonongeka, p53 imaimitsa selolo kuti lisagawikane mpaka pokonzeka, ndipo ngati kuwonongekako n'kwakukulu imalamula kuti selolo life. M'selo labwino p53 sikhalitsa. Imapangidwa n'kuphwanyidwa pakangopita mphindi zochepa, moti utoto sumaipeza yambiri. Koma malangizo a mu DNA opangira p53, otchedwa TP53, akawonongeka, selo limapanga p53 yopunduka imene sigwira ntchito komanso siphwanyika msanga, ndiye imangounjikana. Bulauni wodera uja ndi mulu wa p53 yakufa ntchito. Zili ngati kupeza alonda khumi pachipata, onse ali m'tulo: kuchuluka kwawo sikukutanthauza kuti nyumba ikulondedwa. Nthawi zinanso kuwonongekako kumachititsa kuti p53 isapangidwe n'komwe, galasi n'kukhala loyera mbee, ndipo zimenezonso n'chizindikiro cha vuto lomwelo.

Tsono chimene chinandikhazika mtima pansi ndi ichi. Pa khansa ya kum'mero ya mtundu wa squamous, TP53 imapezeka yowonongeka pafupifupi mwa odwala 9 pa 10 alionse. Ngakhale kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, wofufuza DNA ya zotupa za odwala a ku Malawi konkuno, anapeza zofananazo. Chinthu chimene pafupifupi aliyense wodwala matendawa ali nacho sichingasiyanitse kwenikweni amayi anga ndi mayi wogona bedi loyandikana nalo. Mzere umene unatiliza uja unkangotsimikiza kuti khansa ya amayi ndi yofanana ndi ya anzawo ambiri.

Ki-67 ndi puloteni imene imaoneka m'selo limene lili pantchito yogawikana. Nambala ya 70 ikutanthauza kuti pa maselo 100 amene anawerengedwa, 70 anali m'kati mochulukana. Ndi nambala yokwera, ndipo ikunenadi kuti chotupacho chikukula mofulumira. Pa khansa zina, monga ya m'mawere, madokotala amaigwiritsa ntchito posankha mankhwala. Pa khansa ya kum'mero sizili choncho. Kafukufuku wina amapeza kuti nambala yokwera imayendera limodzi ndi moyo waufupi, wina sapeza kusiyana, ndipo pali mbali inanso: mankhwala a kemo, opha maselo a khansa, ndi radiotherapy, yowotcha chotupa ndi cheza cha makina, amakantha kwambiri maselo amene akugawikana, moti chotupa chothamanga nthawi zina chimafota msanga chikalandira chithandizo. Musaiwalenso kuti nambalayo yachokera pa kachidutswa ka mamilimita ochepa, pamene chotupa chonse n'chotalika masentimita angapo ndipo sichifanana paliponse.

Ofufuza akamalemba kuti puloteni yakutiyakuti ndi chizindikiro cha ukali wa chotupa, amakhala atatenga magalasi a odwala 100 kapena 200, ambiri a iwo ochitidwa opaleshoni ku China kapena ku Japan, n'kuwagawa pawiri: amene puloteniyo yachuluka ndi amene sinachuluke. Akaona kuti gulu loyamba linali ndi anabere ogwidwa ambiri kapena linamwalira msanga, amalemba lipoti. Ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo ndimailemekeza, chifukwa mankhwala atsopano amayambira pamenepo. Koma ikunena za gulu. M'gulu loipalo mumakhala ena amene anakhala zaka, ndipo m'gulu labwinolo mumakhala ena amene sanamalize chaka. Mapuloteni amene alembedwapo malipoti otere ndi ambirimbiri, cyclin D1, VEGF ndi ena, koma amene afika pogwiritsidwa ntchito posankha mankhwala a wodwala ndi owerengeka.

Achimwene, poti anali kutali ndipo mtima unkawapweteka, ankawerenga usiku wonse. Anandiimbira kuti apeza ngongole kuntchito, tiyezetsenso EGFR, HER2 ndi PD-L1. Ndinapita nazo kwa dokotala amene ankaona amayi.

"Adokotala, achimwene akuti ndalama ipezeka. Tiyezetse zimenezi?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Aphunzitsi, tiyeni tifunse funso limodzi pa kuyeza kulikonse. Zotsatira zikabwera, kodi tidzachita chosiyana ndi chimene tikanachita popanda zotsatirazo? Ngati yankho ndi ayi, ndalamayo igule mkaka ndi mazira."

Kenako anandifotokozera chimodzichimodzi. EGFR ndi puloteni ya pakhungu la selo imene imalandira uthenga woti selo likule. Imachulukadi m'zotupa zambiri za squamous, ndipo malipoti ambiri amaigwirizanitsa ndi kufalikira msanga. Anthu anayembekezera kuti mankhwala otseka EGFR athandiza. Ku Britain anayesa kuwonjezera mankhwala otere, cetuximab, pa kemo ndi radiotherapy, m'kafukufuku wotchedwa SCOPE1, ndipo zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti odwala sanapindule, moti amene analandira mankhwalawo zinawayendera moipirapo. Choncho puloteni ikhoza kukhala chizindikiro choona cha ukali koma kuidziwa osasintha chilichonse pa chithandizo.

HER2 ndi nkhani ina, ndipo apa kuyeza kumapinduladi, koma kwa eni ake. Pafupifupi wodwala mmodzi pa asanu alionse a adenocarcinoma ya m'chifu ndi ya polumikizira m'mero ndi chifu amakhala ndi HER2 yochuluka. Amaipatsa mlingo wa 0, 1+, 2+ kapena 3+, ndipo ya 2+ imafuna kuyeza kwina kotsimikizira. Kafukufuku wa ToGA wa mu 2010 anaonetsa kuti odwala otere akalandira mankhwala otseka HER2, trastuzumab, pamodzi ndi kemo, nthawi imene theka la iwo linali likadali moyo inakwera kuchoka pa miyezi 11 kufika pafupifupi 14. Ngati m'bale wanu ali ndi adenocarcinoma, funsani za HER2. Amayi anali ndi squamous, ndiye sizinkawakhudza. PD-L1 yokha ndi imene inkawakhudza, chifukwa ikachuluka pamakhala mwayi wokulirapo woti mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, monga pembrolizumab ndi nivolumab, agwire ntchito. Koma mankhwala amenewa amaperekedwa mobwerezabwereza, pembrolizumab milungu itatu iliyonse, ndipo ulendo umodzi wokha ndi madola masauzande. Ngongole ya achimwene ikanakwanira kuyezako, osati mankhwalawo. Banja limene lili ndi inshuwalansi kapena m'bale amene akulandirira chithandizo kunja, kuyeza PD-L1 n'koyenera ndithu. Ife tinakusiya.

Zimene zinalamula chithandizo cha amayi dokotala anazipeza ndi zala zake. Anawakhazika pampando, anaima kumbuyo kwawo, n'kupapasa m'munsi mwa khosi, pamwamba pa fupa lopita kuphewa lakumanzere. Anagwira dzanja langa n'kuliika pamenepo. Panali mwanabere wolimba gwa, wosapweteka, wosasuntha. Anawafunsa ngati mawu awo akhala osasa chonchi kuyambira kale, chifukwa chotupa chikakhudza mtsempha wa mawu, mawu amasasa. Anawafunsa ngati amatsokomola akangomwa madzi, chifukwa zimenezo zimatha kutanthauza kuti chotupa chaboola kulowa m'njira ya mpweya. Anawakweza pasikelo. Anafunsa ngati amatha kupita okha kubafa, ndiponso ngati amakhala chigonere kuposa theka la tsiku. Anayeza magazi, impso ndi HIV. Kenako CT scan, yojambula m'kati mwa thupi, inaonetsa anabere otupa m'chifuwa ndi timadontho m'chiwindi. Kukula kwa chotupa m'khoma la m'mero, anabere amene agwidwa, ndi kufalikira ku ziwalo zina, zitatu zimenezi ndi zimene zimapanga siteji, ndipo siteji pamodzi ndi mphamvu za wodwala zimanena zambiri kuposa puloteni iliyonse ya papepala. Amayi anali pa siteji 4.

Amene matenda apezeka asanafalikire, nkhani yawo ndi yosiyana, ndipo asataye mtima chifukwa cha nambala ya Ki-67. Mtundu wa squamous umamva radiotherapy. M'kafukufuku wa CROSS wa ku Netherlands, wa mu 2012, odwala analandira kemo ndi radiotherapy asanachitidwe opaleshoni, ndipo pafupifupi theka la odwala a squamous anapezeka kuti m'chimene chinachotsedwacho mulibenso maselo a khansa amoyo. Nthawi imene amayi ankadwala, wofuna radiotherapy ankayenera kupita ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku India. Kuyambira mu 2024 makinawa alipo m'dziko muno, poyamba ku Blantyre, kenako ku National Cancer Centre ku Lilongwe. Funsani dokotala wanu mosapita m'mbali: kodi cholinga cha chithandizochi ndi kuchiza kapena kuchepetsa mavuto? Mayankho onse awiri ndi olemekezeka, koma banja liyenera kudziwa limene likugwira.

Kwa amayi cholinga chinali chakuti adye. Pofika nthawiyo ngakhale thobwa linkabwerera. Anawaika stent, kapaipi ka waya wolukana kamene amakalowetsa katafinyidwa, kakafika pa chotupa n'kutambasuka kutsegula njira. Masiku oyambirira pachifuwa pankawapweteka, ndipo anatichenjezeratu za zimenezo. Koma madzulo a tsiku lotsatira anamwa kapu ya mkaka yonse, akuima pang'ono pakati kudikira kuti ubwerera, osabwerera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwananga, wapita." Ndalama ija ya achimwene inathera pamenepa, pa mayendedwe ndi pa chakudya. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingakulimbikitseni kufunsa msanga, ndi stent, chifukwa munthu amene sakudya amafooka mlungu ndi mlungu, ndipo akafooka kwambiri ngakhale kemo sangaipirire. Musadikire zotsatira za utoto wapadera m'bale wanu akuwonda. Ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi.

Stent ili ndi malamulo ake, ndipo gadiyani ndi amene amawasunga. Wodwala adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, kangapo patsiku, akumwera madzi pakati ndi pomaliza kuti paipi itsukike. Asagone atangodya, ndipo usiku mutu ndi chifuwa zikhale pokwera, chifukwa za m'mimba zimatha kubwerera. Zimene zimatseka stent ndi buledi, nyama ya mitsempha, masamba a ulusi monga nkhwani zosasadzula bwino, mango a ulusi ndi zamkati mwa malalanje. Ife tinkaphika phala la mgaiwa kapena likuni phala n'kuthiramo nsinjiro zosefa, supuni ya mafuta ophikira, mkaka ndi dzira. Tinkakanya mapeyala ndi nthochi. Kachewere wawo yemwe tinkamuphika n'kumupota ndi mkaka, usipa tinkausinja kukhala ufa n'kuthira m'msuzi. Kuchipatala anatipatsanso chiponde. Nsima anabwereranso kuidya, yofewa, timbamu ting'onoting'ono toviika kwambiri m'msuzi. Tsiku lina chakudya chitakakamira, namwino anatilangiza kuti amwe pang'onopang'ono chakumwa cha gasi ndi kuyendayenda, ndipo chinatsika. Chikakana kutsika tsiku lonse, kapena wodwala akasanza magazi, kapena akayamba kutsamwa ndi madzi, thamangirani kuchipatala.

Ululu utakula anatilembera morphine wamadzi. Kumudzi anthu anayamba kunong'ona kuti mankhwala amenewo amapatsa munthu amene amutaya kale, ndipo azakhali anafuna kuti tisiye tipite kwa sing'anga. Ndinawafotokozera kuti morphine woperekedwa pa mlingo wake safupikitsa moyo. Amamwedwa maola anayi alionse, osadikira kuti ululu uyambe, ndipo amadzimbiritsa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Anthu a chisamaliro chochepetsa ululu alipo m'dziko muno, monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi a Ndi Moyo ku Salima, ndipo zipatala zambiri za maboma zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchitoyi. Si anthu a tsiku lomaliza ayi. Mukawapeza msanga amathandiza pa ululu, pa malovu, pa kadyedwe, ngakhale pa kukambirana zovuta m'banja.

Kukambiranako kunali kofunika. Abale ena ankati tisawauze amayi dzina la matenda. Koma amayi anali munthu wanzeru zake, ndipo usiku wina anandifunsa okha.

"Kodi pepala lija likuti chiyani? Usandibise, ndine mayi ako."

Ndinawauza kuti ndi khansa, kuti yafika ku chiwindi, kuti madokotala sangaichotse koma angathe kuwathandiza kudya ndi kuthetsa ululu. Anafunsa ngati pepalalo lanena kuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji. Ndinawauza zoona, kuti silinanene ndipo silinganene. Anati basi, ndiye tikonze za munda. Anagawa minda yawo pamaso pa malume ndi anyakwawa, anaitanitsa achimwene kuti abwere asadikire maliro, ndipo anaona mvula ikugwa, mbewu zikumera, mpaka kukolola. Anatisiya m'nyengo yozizira, kunyumba kwawo, ululu uli wogonja.

Kwa inu amene muli pakati pa ulendowu, pali zinthu zazing'ono zimene zimapulumutsa nthawi. Jambulani pafoni lipoti lililonse, la endoscopy, la biopsy, la CT, ndipo lembani m'buku la kuchipatala nambala ya kabuloko ka phula kaja. Kabulokoko kamasungika zaka zambiri, ndipo ngati mtsogolo pafunika utoto wina kapena dokotala wina akufuna kuonanso, amasenga pomwepo, wodwala osalowetsedwanso kamera. Mukakhala ndi dokotala, funsani mtundu wa khansa, siteji yake, cholinga cha chithandizo, ndi njira yoti wodwala adye. Za mapuloteni zibwere pambuyo pa zimenezi.

Funso lomaliza limene achimwene anafunsa, maliro atatha, linali lakuti kodi p53 yowonongekayo nafenso tili nayo, popeza ndife magazi awo. Yankho ndi lakuti kuwonongeka kumene kunapezeka kunali m'maselo a chotupa, kumene kunachitika m'moyo wa amayi, osati kumene anabadwa nako kapena kupatsira ana. Chimene ife tinagawana nawo ndi khomo limodzi ndi makhalidwe amodzi. Mu 2016 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti mwina zimayambitsa khansa ya kum'mero, ndipo kafukufuku wake wa ESCCAPE ku Kenya, Tanzania ndi Malawi wakhala akulondola mowa, fodya, zakumwa ndi phala lotentha kwambiri, utsi wa nkhuni ndi kusasamala m'kamwa. Mowa wa kachasu ndi chingambwe amayi sizinkawakhudza. Koma kwathu kumazizira, tiyi amamwedwa akutuluka nthunzi, phala amalimwa lochokera pamoto, ndipo amayi anaphika moyo wawo wonse m'kakhitchini kopanda windo, denga lake lakuda bii ndi mwaye. Palibe angaloze chimodzi n'kunena kuti ndi chimenechi, koma izi ndi zimene tingathe kusintha. Khitchini ya achemwali anga tinaiboola mawindo awiri n'kuwagulira chitetezo mbaula, tiyi timamusiya apole kaye, ana ali ndi miswachi yawo, ndipo tinagwirizana pabanja kuti aliyense amene chakudya chayamba kumuima pachifuwa anene msanga, tisonkhe ya transipoti apite ku endoscopy.